Tsiku Limene Abambo Analowa M'tchalitchi cha Amayi

Kwathu tinali ndi masiku awiri opemphera. Loweruka linali la abambo, Lamulungu la amayi. Abambo anachokera cha ku Matandani, kumene mwana amakula akudziwa kuti Sabata limayamba Lachisanu dzuwa likamalowa. Anabwera kumudzi kwa amayi kudzakhala chikamwini atasenza mashini osokera, Baibulo lili m'khwapa. Amayi iwo anali Mkatolika wobadwa nacho. Agogo awo aakazi anasenza nawo njerwa zomangira tchalitchi cha pamishoni, ndipo nkhani imeneyi amayi ankainyadira monga ena amanyadirira ng'ombe zimene makolo awo anali nazo.

Anthu ankadabwa kuti banja lotere likuyenda bwanji, koma linkayenda. Lachisanu masana amayi ankaphikiratu ndiwo za mawa lake kuti pa Sabata pasakhale piringupiringu wa kukhitchini, ndipo nkhumba kapena mlamba sizinalowepo m'mphika wa pakhomo pathu. Abambo nawo, Lenti ikafika, ankadya nyemba ndi mpiru Lachisanu lililonse osafunsa kuti nyama ili kuti. Bulauzi yoyera imene amayi ankavala ku gulu la azimayi ankasoka ndi iwo, ndipo kolala yake inkaposa ya azimayi ena onse. Koma panali malire amodzi amene abambo sankadumpha: m'tchalitchi cha amayi sankalowamo.

"M'nyumba ya mafano ine ayi," ankatero.

"Si mafano, ndi zifanizo," amayi ankayankha.

"Mbuzi mukaitcha nkhosa sisiya kudya chinangwa."

Loweruka m'mawa onse ankatuluka pamodzi. Abambo atavala jekete, azichimwene anga awiri ali pambuyo pawo. Amayi atamanga masache pamutu, ine ndikuwatsata ndi ndowa. Kusesa m'tchalitchi kunali kosinthana malimana, timagulu ta Akhristu a m'midzi, koma amayi ankapita sabata iliyonse kaya ndi nthawi ya limana lathu kaya ayi. Tikafika pamphambano pamene njira zinkasiyana, abambo ankaima n'kuyang'ana masachewo.

"Tsiku la Mulungu, inu ndi tsache."

"Ndikukasesa kwa Mulungu yemweyo. Mukamupatse moni."

Motero ine tchalitchi chimenecho ndinayamba kuchidziwa chili chopanda anthu. Chitseko chake chinali cha mlombwa, cholemera, ndipo chinkalira ngati ng'ombe yanjala ukamachikankha. Ukangolowa, kuzizira kunkakugwira m'miyendo ngakhale kunja kukuwotcha dzuwa la Okutobala, chifukwa makoma ake anali ochindikala kwambiri moti ine ndinkatha kugona pazenera osagwa. M'katimo munkamveka fungo la lubani, la makandulo, ndi la zitosi za mileme, zonse zitasakanikirana. Mpaka lero ndikamva fungo la mileme m'nyumba yakale, dzanja langa limafuna kuchita chizindikiro cha mtanda.

Mizati ya njerwa inkayenda mizere iwiri kuchokera kukhomo kukafika kuguwa, ndipo pamwamba inkakumana mokhota ngati uta. Denga linali kutali. Mitengo yake yakuda, amayi ankati, anaicheka ndi sowo ya anthu awiri m'nkhalango imene lero ndi minda ya chimanga. Mazenera anali aatali, opyapyala. Ena anali adakali ndi magalasi amitundu, ofiira, achikasu ndi obiriwira. Ena magalasiwo anasweka kale, anthu n'kuikamo galasi wamba, mwinanso chidutswa cha lata. M'mawa dzuwa likalowa, mitunduyo inkagwera pansi pa simenti, ndipo ine ndinkaikapo mapazi kuti ndione mmene ndingaonekere nditakhala wofiira.

M'makoma munali zithunzi za Njira ya Mtanda, pansi pake patalembedwa chinenero chimene panalibe ankachiwerenga. Asilikali onse a m'zithunzimo analibe maso. Ana a kalekale anawakolokosola ndi minga pokwiya ndi zimene ankachitira Yesu, ndipo palibe wansembe anaona chifukwa chokonzera. Kumanzere kunali kabokosi kolapiramo, kokhala ndi katani yofiirira. Pakona panali limba lopopa ndi mapazi, limene mbewa zinalisandutsa mudzi kwaya itayamba kuimba ndi ng'oma ndi zisekese. Kutsogolo kunali chifanizo cha Amayi Maria, chimene munthu wina wa mtima wabwino anachipakanso utoto, diso limodzi n'kukhala likuyang'ana kukhomo, lina kuguwa. Amayi ankati n'chifukwa chake palibe chimene chimawadutsa.

Tikamakolopa ndi pamene amayi ankandiuza za kale. Ankati ansembe oyamba anali azungu a ndevu zofika pachifuwa, amene anakwera mapiri athuwa pa abulu. Njerwa anthu anaumba kudambo kumunsi, amuna kuumba ndi kuwotcha, akazi kusenza pamutu kukwera nazo chitunda. Ena mwa ansembewo sanabwererenso kwawo. Manda awo ali kuseri kwa tchalitchi, pansi pa mikungudza. Pa mzati wina wa kumbuyo panali njerwa yokhala ndi zidindo za zala, ndipo amayi ankati zalazo ndi za agogo awo. Ndinakhulupirira kwa nthawi yaitali, mpaka tsiku lina ndinamva mayi wa limana lina akuuza mwana wake kuti zala zomwezo ndi za agogo ake. Nditawauza amayi, anangoti, "Nawonso anali ndi zala."

Lamulungu amayi sankakhala kutsogolo ndi anzawo a bulauzi yoyera. Ankakhala pa benchi lomaliza, pafupi ndi mwala wa ubatizo. Pa benchi limenelo pankakhala anthu amene sankalandira Ukaristia: akazi a pamitala, amene maukwati awo anatha n'kukwatiwanso, ndi ena ngati amayi, amene ukwati wawo unali wosadalitsidwa. Palibe anawathamangitsira kumeneko. Ankangodzisankhira okha, poti ukakhala kumbuyo sudutsidwa ndi anthu ambiri popita kukalandira.

Nkhani yake inali yakuti, pamene ankakwatirana, wansembe wa nthawi imeneyo anauza abambo kuti ukwati udalitsidwa pokhapokha alowe m'tchalitchi n'kuvomera kuti ana onse adzakhala Akatolika. Abambo, mnyamata wa magazi otentha, anati ana adzasankha okha akakula, ndipo m'nyumba ya mafano salowa. Ukwati unangothera kwa ankhoswe. Mawu awo anawasunga: azichimwene anasankha Sabata, ine ndinasankha ubatizo wa amayi ndili mtsikana wamkulu, ndipo diresi ya tsikulo anasoka ndi abambo. Koma amayi anakhala pa benchi lija kuchokera ali mtsikana mpaka imvi zinadzaza m'mutu. Guwa ankalipukuta Loweruka lililonse, nsalu zake ankachapa ndi kusita, koma Lamulungu ankalionera patali. Sindinawamvepo akudandaula kwa abambo. Ine nditayamba kulandira, ndikabwerera pamalo, ankandigwira dzanja n'kulifinya pang'ono, basi.

Ndinakula, ndinayamba kuphunzitsa kusukulu ina cha ku Lisungwi, ndipo kwathu ndinkapita pa holide. Nthawi imeneyo ndi pamene ng'ala inayamba kuwatseka maso amayi. Poyamba ankati kunja kwachita nkhungu, ife n'kumati ndi nkhungu ya kumapiri kuno imene tinaizolowera. Kenako anayamba kuthira mchere mu tiyi. Pomaliza sankathanso kuona njira. Kuchipatala kuboma anawauza kuti ng'ala imachotsedwa, madokotala a maso akabwera, koma amayi anakana kwamtuwagalu. "Diso si mbatata yoti munthu azisenda ndi mpeni," anatero.

Kusesa anasiya, koma Misa sanafune kusiya. Azichimwene anali atakwatira kutali, ine kuntchito. Wotsala anali abambo. Ndiye Lamulungu lililonse anthu anayamba kuona zachilendo panjira ya kumishoni: mkulu wa Sabata ali patsogolo, mkazi wake atamugwira paphewa, akuyenda pang'onopang'ono, iye akunena kuti, "Mwala apa. Kwezani mwendo. Muzu." Akafika pamasitepe, ankawapereka amayi kwa mayi aliyense amene anali pafupi, iwo n'kubwerera kukakhala pansi pa mkungudza pafupi ndi geti, pamodzi ndi anyamata a njinga zamoto ndi azimayi ogulitsa manachesi. Ankatsegula Baibulo lawo n'kumawerenga mpaka belu lotulukira. Anyamata aja anawapatsa dzina lakuti alonda. Abambo ankalidziwa dzinalo ndipo silinkawakhumudwitsa.

Tsiku limene ndikunenali ndinali kwathu. Inali nthawi ya dzinja, chimanga chitamasula ngayaye. Tinanyamuka kumwamba kuli bii, ndipo titangolowa m'tchalitchi mvula inayamba. Sinali mvula yocheza. Anyamata a njinga anathawira m'makalasi a pasukulu, azimayi a malonda anasenza madengu awo, abambo anatsala okha pansi pa mtengo, atabisa Baibulo m'jekete. Akatekisiti, bambo wachikulire amene ankasoketsa mathalauza kwa abambo, anatuluka ndi ambulera.

"Achimwene, lowani. Mvula ilibe mpingo."

"Pakhonde pakwanira," abambo anayankha.

Anaima pakhonde. Koma mphepo inatembenuka n'kuyamba kuwomba mvula molunjika pakhondepo. Ine ndinali pa benchi lomaliza ndi amayi, ndipo ndinamva chitseko chikulira. Nditacheuka ndinaona abambo ali m'kati, chipewa chili m'manja, madzi akuchucha m'jekete, akuyang'ana kudenga ngati akuopa kuti liwagwera. Malo apafupi anali amodzi okha. Ndinasendera, iwo n'kukhala pakati pa ine ndi amayi.

Amayi anatembenuza mutu n'kununkhiza.

"Kodi ndinu?"

"Ndi mvula," abambo ananong'ona.

Ndinaona amayi akukonza mpango wawo kumutu.

Ulaliki wa tsikulo palibe anaumva chifukwa cha phokoso la mvula pamalata. Denga linkadontha malo angapo, ndipo ana ankasuntha mabeseni. Abambo anakhala chowongoka, manja atapinda pachifuwa. Ife tikaima iwo ankaima, tikagwada iwo ankakhala. Maso awo ankayenda paliponse, m'mizati, m'mazenera, m'zithunzi, koma akafika pa chifanizo cha Amayi Maria ankawabweza msanga.

Nthawi yolandira itakwana, kwaya inayamba nyimbo, anthu n'kuyamba kutuluka m'mabenchi mzere ndi mzere. Ine ndinaimirira n'kulowa pamzere. Ndili pakati pa tchalitchi ndinacheuka. Mabenchi onse anali atatsala opanda anthu, kupatula lomaliza. Amayi anali atagwada, manja atatambasula pa benchi la kutsogolo kwawo, zikhatho zikuyang'ana kumwamba, milomo ikuyenda. Umu ndi mmene ankachitira nthawi zonse, ndipo ine ndinali nditazolowera. Koma abambo anali asanaonepo. Anali atasiya kuyang'ana makoma. Ankayang'ana mkazi wawo.

Nditabwerera ndinawapeza akunong'onezana.

"Ngati ndi njira, dzukani ndikuperekezeni."

"Si njira."

"Nanga n'chiyani?"

"Mukudziwa, bambo."

Ankadziwadi. Nkhaniyo ankaidziwa kuyambira ali mnyamata. Koma ndikuganiza kuti m'mutu mwawo inali nkhani ya malamulo a ansembe, yoti amuna azitsutsana pansi pa mtengo. Sankadziwa kuti imaoneka chonchi: mayi wokalamba atagwada kumbuyo, anzake onse atapita.

Misa itatha mvula inali ikugwabe, ndipo anthu anangokhala m'magulu kudikira. Ambiri ankaba maso kuyang'ana abambo. Amayi anaimirira n'kuwagwira paphewa.

"Poti mwalowa, tiyeni muone. Mwina simudzalowanso."

Anayenda nawo tchalitchi chonse, ine ndili pambuyo. Kunja abambo ndi amene ankatsogolera, koma m'katimo amayi ndi amene ankanena kuti apa pali sitepe, apa simenti inakumbika, samalani. Anawagwiritsa njerwa ya zala ija. Anawaonetsa asilikali opanda maso, abambo n'kuseka koyamba. Atafika pa kabokosi kolapiramo, abambo anagwira katani, n'kuitembenuza kuti aone msoko.

"Anasoka ndani izi?"

"Asisitere a kale."

"Mpendero wake wapita uku ndi uku ngati njira ya munthu woledzera."

Pomaliza anafika pa chifanizo. Amayi anaima.

"Awa ndi mayi ake a Mwini Sabata wanuyo. Apatseni moni."

Abambo moni sanapereke. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anati, "Amene anawapaka utotoyu anawalakwira."

Pobwerera kunyumba sanalankhule zambiri kupatula za miyala ndi matope. Ine ndinabwerera kuntchito mawa lake. Zimene zinachitika pambuyo pake ndinazimva kwa iwo eni, aliyense payekha, ndipo mbali zambiri zinagwirizana.

Amayi akuti kwa masiku angapo mashini sanalire pakhonde. Abambo ankangokhala, chakudya n'kumasiya m'mbale. Kenako tsiku lina pakati pa sabata anavala jekete n'kunena kuti akupita kuboma kukagula ulusi. Sanapite kuboma. Anapita kunyumba ya ansembe. Bambo mfumu wa nthawi imeneyo anali wachinyamata, wamng'ono kwa ife ana awo tonse, ndipo anawapeza akukonza njinga yamoto, manja ali bii ndi oyilo.

"Ndabwera kudzakwatira mkazi wanga," abambo anatero.

Bambo mfumu anapukuta manja n'kuwapatsa mpando.

"Koma ndineneretu. Sabata sindisiya. Chifanizo sindigwadira. Mkate wanu sindidya."

"Sabata lanu sitikulifuna, bambo. Tikufuna mudzaime pafupi ndi amayi, ndikakufunsani mudzayankhe kuti inde. Ndipempha chilolezo kwa akuluakulu anga, koma sindikuona chovuta."

"Nanga za ana? Mnzanu uja anati ana onse akhale anu."

"Wamng'ono ali ndi zaka zingati?"

"Wayamba imvi."

Abambo akuti bambo mfumu anaseka mpaka kutsokomola.

Anabwerera kunyumba mtima uli m'malo, akuyembekeza kuti amayi aimba nthungululu. Anawapeza pamkeka akusenda mtedza, n'kuwauza zonse. Amayi anasiya kusenda. Kenako anakankha lichero.

"Zaka zonsezi munali kuti?"

Amayi anapitiriza.

"Ndinali ndi maso, ndinali ndi miyendo, mano onse ali m'kamwa. Lero ndi pamene mukufuna kundiimika kutsogolo kwa anthu, ndikupapasa ngati nkhuku ya chitopa? Komanso mwakafunsa ansembe. Ine mwandifunsa?"

Analowa m'nyumba n'kudzitsekera. Abambo akuti anamva akulira, kulira kumene sanakumvepo chikwatirane, ndipo anaopa kugogoda. Madzulo amayi atatuluka, abambo anasiya mpando wawo n'kukhala pamkeka, chinthu chimene mawondo awo sankalola.

"Mayi, ndalakwa kawiri, kale ndi lero. Ndiye ndikufunsa. Kodi mungandilole?"

"Ndikaganize kaye," amayi anayankha.

Anaganizadi. Anawasiya abambo akudikira mpaka mawa lake, pamene ankawapatsa madzi osamba. "Diresi ikhale ya manja aatali," anatero. "Mikono yanga yakwinyika."

Ine anandiimbira foni ndi abambo. Sankakonda foni, ndipo ankalankhula mokuwa ngati ndili kutsidya kwa mtsinje. "Upemphe tchuthi kusukuluko. Mayi ako akukwatiwa." Ndinafunsa kuti ndi ndani. "Ndi ine, nanga ndani!"

Tsiku anasankha Lachitatu, kuti lisakhale la wina aliyense. Ankhoswe oyamba onse anali atamwalira, ndiye anaimira ndi adzukulu awo, anthu amene anabadwa ukwatiwo ulipo kale. Dzulo lake amayi anapita kukalapa. Analowa m'kabokosi kaja, kamene anakhala akukapukuta kunja kokha, ndipo anakhalitsamo moti ine ndinayamba kuda nkhawa. Anatuluka akupukuta misozi koma akuseka. "Mwana uja ndamutopetsa," anatero, akunena bambo mfumu.

Tinkaganiza kuti kubwera anthu ochepa, poti linali tsiku la ntchito, koma tchalitchi chinadzaza. Malimana onse anabwera. Anyamata a njinga zamoto anabwera kudzaona alonda awo. Azichimwene anga anafika ndi akazi awo, n'kuima kumbuyo pafupi ndi chitseko, manja kumbuyo, ngati anthu amene alowa m'munda wa eni. Kunabweranso mkulu mmodzi wa ku Sabata, mnzawo wa abambo wa paubwana, amene anati wabwera kudzaonetsetsa kuti asamubatize mnzake mwachinyengo.

Diresi inali ya mtundu wa mkaka, ya manja aatali, ndi timabatani tokutidwa ndi nsalu kumsana. Abambo anaisoka kawiri, chifukwa yoyamba akuti phewa silinakhale bwino. Amayi sankatha kuiona, koma anaipapasa msoko uliwonse n'kuvomereza. Analowa atagwira phewa la abambo monga mwa masiku onse. Atafika pa benchi lomaliza, mwendo wa amayi unakhotera komweko wokha. Abambo anawakoka pang'ono.

"Kutsogolo, mayi."

Azimayi a pa benchi lija, anzawo a zaka zambiri, ndi amene anayambitsa nthungululu. Inalira m'tchalitchi monse mpaka mileme inadzidzimuka kudenga n'kuyamba kuzungulira pamwamba pa mitu ya anthu, ana n'kumakuwa. Bambo mfumu anadikira kuti phokoso lithe. Atafunsa abambo funso lija, iwo anayankha mokweza kwambiri, ngati pa foni, anthu n'kuseka. Amayi anayankha motsitsa, moti ine amene ndinali pambuyo pawo ndi amene ndinamva.

Nthawi yolandira itafika, abambo anawaimiritsa amayi, n'kuyenda nawo mpaka pamaso pa bambo mfumu. Anachotsa dzanja la amayi paphewa pawo, n'kulitambasula bwinobwino pamwamba pa linzake, iwo n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, manja atapinda. Amayi analandira. Anaima pomwepo nthawi yaitali osasuntha, mzere wonse ukudikira, ndipo palibe anawafulumizitsa. Ine sindinaone bwino zotsatira chifukwa maso anga anali atadzaza.

Kunyumba tinapha mbuzi ndi nkhuku. Panali thobwa lokha, mowa ayi, ndipo amalume ena a mbali ya amayi anadandaula kuti ukwati wa Chikatolika wouma chonchi sanauonepo.

Loweruka lotsatira abambo anavala jekete n'kupita ku Sabata monga mwa nthawi zonse. Akulu anzawo anawaitanira pambali atatha mapemphero. Sanakangane. Anawafunsa ngati anagwada, iwo anati ayi. Ngati anadya, anati ayi. Nanga anakatani? "Ndinakabweza chinthu chimene ndinamulanda mkazi wanga ndili mnyamata," anatero. Anagwirizana kuti ayambe apuma kutsogolera nyimbo kwa kanthawi kuti anthu asalankhule. Abambo anavomera, koma poti wolowa m'malo mwawo ankayambitsa nyimbo pamwamba kwambiri moti azimayi ankalephera kufika, kanthawiko sikanatalike.

Lamulungu anapitiriza kuperekeza amayi. Masiku ena ankalowa n'kukhala nawo, masiku ena ankatsala pansi pa mtengo, malinga ndi mmene mtima wawo wadzukira. Mkatolika sanakhalepo, ndipo amayi sanawapemphe.

Chimene sitinayembekeze n'chakuti miyezi ingapo pambuyo pake amayi anavomera okha za kuchipatala. Anati ngati munthu wouma mutu ngati abambo analowa m'tchalitchi, iwo sangaope kampeni. Madokotala a maso atabwera kuboma, tinapita nawo tonse atatu. Anawachita diso limodzi, n'kulimata ndi thonje, ndipo tinagona komweko. M'mawa mwake namwino anabwera kudzamatula. Abambo anali ataima kumiyendo kwa bedi, chipewa chili m'manja. Amayi anaphethira, misozi ikutuluka, n'kuyang'ana khoma, zenera, ine, kenako abambo. Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kodi mwakalamba chonchi liti?"

"Ndimadikira kuti muone kaye," abambo anayankha.

Namwino anaseka mpaka anakhala pa bedi la wodwala wina. Titatuluka, amayi anakana kugwira phewa la munthu. Anayenda okha mpaka pamsika, akuwerenga mokweza zikwangwani za mashopu, ndipo anatiimitsa pa mayi wina wogulitsa mbatata ya kachewere kuti asankhe okha, poti akuti miyezi yonseyi abambo ankawagulira yobiriwira.